Anandiitanira Ankhoswe Chifukwa cha Nandolo

Yesu atamandike, abale ndi alongo! Atamandikenso! Abusa, akulu a mpingo, amayi anzanga a Lachinayi, ndakulonjerani nonse. Ngakhale inu a kumbuyoko amene mwayamba kale kugundana zigongono, ndakulonjerani.

Ine ndine Mayi Makwinja. Ambiri mukundidziwa. Ena mukundidziwa kuposa mmene ndimadzidziwira ine mwini, chifukwa zaka zapitazi mwandinena mokwanira. Pachitsime mwandinena, kuchigayo mwandinena, ngakhale pakhomo la tchalitchi pompano mwandinena. Lero abusa andipatsa mpata, ndiye mumve kwa mwini wake nkhani.

Amuna anga, bambo a Mphatso, anayamba ntchito pa esiteti ya tiyi ngati kapitawo. Matipate atangoyamba kumene anali akadali kapitawo, woyenda pansi. M'mawa ankatuluka ndi gulu lawo la otchola tiyi, tsiku lonse kukwera ndi kutsika m'minda, madzulo kubwera nsapato zili psuu ndi katondo. Anali munthu wowonda ngati nsungwi, koma sindinawamvepo akudandaula ngakhale mutu. Tinkadya zomwe aliyense pa kompaundi ankadya: nandolo, nkhwani, usipa, chinangwa, nthochi. Nyama tinkaiona pamalipiro ndi pa Khrisimasi.

Kenako anawakweza. Supavaiza! Anawapatsa njinga yamoto ndi nyumba ya kumtunda, ya magetsi. Tinayamika Mulungu, ndipo mpaka lero ndimayamika. Koma abale anga, miyendo inapuma tsiku lomwelo. Kupita ku ofesi, njinga. Kupita kusikelo, njinga. Ngakhale kubwera kuno kutchalitchi, kumene nkhuku zathu zimafika zokha, njinga.

Pakamwa paponso panasintha. Alipo malamulo ena amene mulibe m'Baibulo koma kuno timawasunga kuposa Malamulo Khumi. Loyamba lake limati, bwana sadya nandolo. Mwamva? Bwana sadya nandolo! Bwana m'mawa ndi mazira okazinga, buledi wopaka majarini mpaka mpeni kumira, tiyi wa mkaka wa m'chitini. Masana ndi chipisi cha pachiwaya. Loweruka ku kalabu ndi kanyenya wa nkhumba, ndipo anzawo ankawasankhira ponona penipeni, poyera paja, n'kumati mnofu ndi wa ana. Lamulungu mang'ina.

Mimba inatuluka. Khosi linasowa. Ndipo inu munakondwera!

Tsiku lina Lachinayi, pa mapemphero a amayi muno momuno, munandiimiritsa kutsogolo kwa atsikana ongokwatiwa kumene. Mtsogoleri wathu wa nthawi imeneyo anati, "Onani Mayi Makwinja awa. Mkazi wabwino amaonekera pa mimba ya mwamuna wake." Munandiombera m'manja. Munthu akupuma wefuwefu pongomanga zingwe za nsapato, inu mukuti ndi madalitso. Munthu akutuluka thukuta atangokhala pamthunzi, inu mukuti ndi ubwana. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tsiku lina njinga ija inawafera kumunda wa kumusi, kufupi ndi mtsinje. Anati akwere wapansi, mtunda womwe kale ankaukwera akuimba. Sanafike n'pakati pomwe. Chifuwa chinawagwira ngati munthu wawakhalira, dzanja lamanzere linachita dzanzi, n'kukhala pansi pakati pa tiyi. Otchola tiyi ndi amene anawanyamula mpaka kumsewu.

Kampani inatitumiza ku Blantyre. Kumeneko tinapeza adokotala achizimayi, akumpoto, osaseka chisawawa. Anawayeza magazi, kenako anatiitana tonse awiri. Anayang'ana ine n'kufunsa kuti, "Mayi, mukakazinga nkhumba n'kusiya mbale izizire, mafuta aja amatani?"

Ndinati, "Amaundana."

Iwo anati, "Ndi zomwe zikuchitika m'mitsempha ya amuna anu. Magazi awo adzaza mafuta amene ife timati kolesitero. Njira ya magazi ikuchepa. Tsiku lina idzatsekeka, ndipo tsiku limenelo silichenjeza."

Ndinafunsa kuti titani. Anati asiye zonona ndi zokazingakazinga. Anati azidya nyemba, nandolo, masamba, nsomba, zipatso, ufa wa mgaiwa, mtedza pang'ono, mapeyala. Mafuta ophikira muziyeza ndi supuni, osati kutsanulira. Ndipo aziyenda pansi tsiku lililonse. Pakapita miyezi mubwere tidzayezenso.

Abale, ndinafuna kuseka. Ulendo wonse uja mpaka ku Blantyre, kukamva kuti tizidya zomwe zikuolera kuseri kwa nyumba! Mapeyala amene agalu a ku Thyolo anatopa nawo. Nandolo amene tinamuthawa ngati ngongole. Koma sindinaseke, chifukwa ndinaona nkhope ya bambo a ana anga.

Titafika kunyumba ndinapachika felempani kukhoma. Ndinabwerera ku nkhwani wotendera, kholowa, chisoso, khobwe, usipa wophika ndi matimati. M'mawa mbatata yophika ndi peyala m'malo mwa majarini. Njinga ankaisiya ku ofesi, n'kumaikwera pokhapokha popita kuminda yakutali. Poyamba ankang'ung'udza. Ankati, "Amayi a Mphatso, kodi ine ndasanduka mbuzi?" Ine ndinkati, "Mbuzi simunaionepo ikugwa ndi mtima." Ankadya.

Ndipo Mulungu anayamba kugwira ntchito. Aleluya! Kupuma kuja kunapepuka. Mkonono unatha. Lamba anayamba kubwerera m'mbuyo, tinachita kukabooletsanso kwa osoka nsapato. Titapitanso ku Blantyre, adokotala aja anati mafuta ayamba kutsika, musasiye. Ndinabwera ndikuimba m'minibasi.

Koma ndinaiwala kumene ndimakhala.

Mukukumbukira zaka zimenezo. Sabata sinkatha osaika munthu. Masiku amenewo kuwonda chinali chigamulo. Munthu ukangoti thalauza lakula, basi, anthu akuyeza kale ndi maso, matenda akupatsa, ndi tsiku la maliro lomwe akusankhira. Madokotala a pachitsime! Sukulu ya udokotala sanaiponde, koma amayeza magazi a munthu ali kutsidya kwa msewu.

"Mwawaona a Makwinja? Ndi zomwezi."

"Kaliwondewonde ameneyo. Mabwana a ku kalabu mukuwadziwa."

"Kapena ndi mkaziyo, amapitapita ku Limbe."

Ku ofesi kapu yawo ya tiyi inayamba kuikidwa payokha pawindo. Anthu ophunzira, ovala mataye, kuopa kapu! Ine ku maliro, amayi anzanga amene ndaphika nawo zaka zonsezi anayamba kunena kuti, "Mayi Makwinja, inu muzikatunga madzi, zoomola tiomola tokha." Manja omwe aja munawaombera m'manja Lachinayi, tsopano sangagwire chipande cha pamaliro. Muno m'tchalitchi ndikakhala pa benchi, mwadzidzidzi aliyense akufuna mphepo ya pawindo.

Abusa, musandiyang'ane choncho. Maina sinditchula.

Mwa a muno, dzina limodzi lokha nditchula, chifukwa mwini wake wandiloleza. Mayi Filesi, otchola tiyi, amasiye. Iwo matendawo ali nawodi, ndipo anayamba kale kunena poyera pamene ena tonse tinkangonong'ona. Lamulungu lina atandiona ndaima pakati pa tchalitchi ngati mlendo, anandikodola. Anati, "Bwerani kuno, mayi. Benchi ino anandisiyira ndekha, ndi yaikulu." Ndinakhala nawo. Anandigwira dzanja nyimbo yonse, osandifunsa kanthu.

Mphekesera zija zinakwera minibasi mpaka ku Masambanjati, kumene kumakhala achemwali awo a bambo a Mphatso, alamu anga a Esinati. Amuna awo ali ndi chiwaya cha nkhumba m'mbali mwa msewu. A Esinati anatulukira masana osanena. Moni sanapereke. Analunjika kukhitchini n'kuyamba kuvundukula miphika ngati wapolisi. Mphika woyamba nandolo. Wachiwiri kholowa.

Anati, "Alamu, izi ndi za antchito kapena?"

Ndinati, "Ndi za achimwene anu."

Anaika manja kumutu. "Mayo ine! Achimwene anga supavaiza, adye za munthu waganyu? N'chifukwa chake atha chonchi! Inu mwawapatsa matenda, ndiye mukufuna kuwamaliza ndi njala!"

Ndinawafotokozera za adokotala. Ngati ndikuyankhula ndi chitsa. Lamulungu lotsatira ankhoswe anali pakhonde pathu.

Abale ndi alongo, ankhoswe amaitanidwa mkazi akagwidwa ndi mwamuna wina. Amaitanidwa mwamuna akamamenya. Ine anandiitanira ankhoswe chifukwa cha nandolo! Kumbali ya amuna anga kunabwera amalume awo, a Muhala, ndi chipewa chawo. Kumbali yanga achimwene anga, munthu wofatsa, woti ngakhale nkhuku imulande chimanga m'manja amangoti zikomo.

A Muhala anati, "Mtengwa, tamva kuti mwana wathu mukumumana ndiwo."

Ndinati, "Sindikuwamana, amalume. Adokotala anati magazi awo adzaza mafuta, akapitiriza zonona afa."

Anaseka mpaka kutsokomola. Anati, "Mafuta kupha munthu? Ine ndakalamba chonchi, maliro ndaika osawerengeka. Ofa ndi njala ndawaona. Ofa ndi ufiti ndawaona. Koma maliro a munthu wofa ndi kukhuta sindinawaonepo."

A Esinati anati, "Adokotala amenewo ndi mkazi mnzawo, anangopangana."

Chigamulo chinatuluka. Bambo a Mphatso atenge tchuthi, apite ku Masambanjati kwa achemwali awo akabwezeretse thupi. Thupi likabwerera, zidzadziwika kuti vuto ndi mkazi, ndipo za banjali adzakambirananso. Achimwene anga anangoti, "Akulu anena."

Ine sindinaope. Ndinadziwa kuti mwini wake ali pomwepo, anamva yekha ndi makutu ake ku Blantyre. Ndinawayang'ana. Ndinati, "Bambo a Mphatso, tayankhulani."

Anayang'ana pansi. Kenako anati, "Amayi a Mphatso, ndatopa n'kulozedwa chala. Anthu akundiwerengera masiku ndikuyenda. Bola ndife wonenepa."

Bola ndife wonenepa!

Abale anga, pamenepo ndi pamene ndinafika pansi penipeni. Sanali a Esinati, sanali a Muhala. Anali mwamuna wanga, munthu wophunzira, woyang'anira anthu mazana, kusankha bokosi lalikulu kusiyana ndi thalauza laling'ono. Ndipo ndani anamufikitsa pamenepo? Malilime. Malilime a anthu obatizidwa.

Chikwama ndinawalongedzera ndekha. Akulu amati mwana akalirira nyanga ya nsatsi msemere imufotere yekha. Koma uyu sanali mwana, ndipo chofotacho sichinali nyanga. Anali bambo wa ana anga. Nditawaperekeza pa siteji ndinabwerera kunyumba, ndinatseka chitseko, ndinalira. Ndinakalipira Mulungu, sindikubisa. Ndinati, Ambuye, munandionetsa njira yopulumutsira munthuyu, ndiye mukulola kuti akaphedwe ndi chikondi cha abale ake? Yankho silinabwere. Amene ankabwera ndi Mayi Filesi, akaweruka kumunda, dengu lili kumsana. Ankakhala nane pakhonde, tikusenda nandolo, osayankhula zambiri.

Uthenga unkafika ndi ogulitsa nthochi. Akuti a Makwinja akuchira! Akuti tsiku lonse amakhala pa benchi pafupi ndi chiwaya, alamu awo akuwadulira ponona. Akuti masaya abwerera. Ena a inu munkandiuza zimenezi mukumwetulira, n'kuwonjeza kuti, "Mwaona, mayi? Mwamuna amafuna nyama." Ndinkangoti zikomo. Ndinkadziwa chimene chikuundana m'kati mwa masaya amenewo.

Tchuthi chisanathe, m'mawa wina ndikuchapa, mayi wina wogulitsa nthochi anafika akuthamanga. Anati, "Mayi Makwinja, siyani zimenezo, fulumirani kuchipatala ku Boma. Amuna anu agwa pamsika."

Anagwa chafufumimba pakati pa anthu. Galimoto yomwe inapezeka inali lole ya nthochi. Supavaiza wa pa esiteti, amene sangadye nandolo, anafika ku Boma atagonekedwa pamwamba pa mikoko ya nthochi.

Ndinawapeza pabedi, milomo itayera, akupuma pang'onopang'ono. Anandiona, misozi inatsika. Ndinagwada pambali pa bedi. Sindinapemphere pemphero lalitali. Ndinangoti, Ambuye, ndibwezereni munthu wanga. Ndibwezereni munthu wanga. Ndipo Mulungu wa kumwamba anamva! Aleluya! Tsiku lachitatu anakhala tsonga n'kupempha madzi.

Tsopano mumve izi, kuti mudziwe kuti umbuli suchita manyazi. Masana a tsiku limenelo, nthawi yoona odwala, kunalowa a Esinati ndi a Muhala. A Esinati atanyamula kontena yokulunga mu nsalu. Anaitsegula pabedi pompo. Chipisi ndi nkhumba! Fungo linadzaza wodi yonse. Anati, "Achimwene, idyani mupeze mphamvu. Kugwa kuja ndi njala yakale ija, inali isanathe m'thupi."

Ine mumtima ndinati ulendo uno amuna anga ayankhule okha, apo ayi basi.

Bambo a Mphatso anayang'ana kontena ija. Anayang'ana ine. Kenako anaikankha ndi dzanja, mpaka inatsala pang'ono kugwa pansi. Anati, "Achemwali, tsekani, mubwerere nayo." Anatembenukira kwa a Muhala n'kunena kuti, "Amalume, maliro amene munati simunawaonepo aja, munatsala pang'ono kuwaona sabata ino, ndipo mukanakhala kutsogolo. Mlandu uja watha. Ndikatuluka muno ndikupita kwa mkazi wanga."

A Muhala anavala chipewa m'wodi momwemo. A Esinati anatuluka akulira kuti ndawadyetsa achimwene awo mankhwala. Inde ndinawadyetsa. Amalimidwa kuseri kwa nyumba, aliyense akhoza kubwera kudzathyola.

Mmene tikukhalira lero ndi chonchi. Mtima unavulala, ndiye pali mapiritsi amene amamwa tsiku lililonse, ndipo sadumphitsa. Sindibwera pano kudzanama kuti masamba okha ndiwo achita zonse. Koma adokotala aja anatiuza kuti piritsi silingasese pamene mwini wake akutayapo zinyalala tsiku ndi tsiku. Ndiye kwathu tinabwerera ku nandolo, nyemba, nkhwani, usipa, mgaiwa, mapeyala ndi nthochi. Nyama timadya, ya nkhuku, mwa apo ndi apo, chikopa n'kuchotsa. Kuntchito amapita wapansi. Mtunda umene unawagwetsa uja amaukwera, pang'onopang'ono koma amafika. Ku kalabu anasiya, ndipo anzawo a kumeneko sanabwere n'kamodzi komwe kudzawazonda. Ulendo wathawu ku Blantyre adokotala anati mafuta aja atsika kufika pamene amafuna. Mayi osaseka aja anaseka.

A Esinati mpaka lero sandipatsa moni. Ndimawapempherera, koma kukhitchini kwanga salowa.

Chatsala chimodzi. Ndikudziwa chimene ena mwakhala mukudikira kuyambira pamene ndinaimirira. Inde, tinakayezetsa magazi, a matenda aja. Tinapita tonse awiri, masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo Mayi Filesi anatiperekeza mpaka pakhomo. Zotsatira tinalandira.

Taonani makosi atalika! Ngakhale ogona adzuka.

Sindikuuzani. Lero ayi, mawa ayi. Chifukwa ndikanena kuti tilibe, muuse moyo, mubwere kudzandikumbatira panja, n'kumati tinangolakwitsa munthu. Simunalakwitse munthu, abale. Munalakwa basi. Tikanakhala nawo matendawo, kodi kukanakhala kukhoza kundilanda chipande? Kukanakhala kukhoza kumuyankhula mwamuna wanga mpaka kulakalaka kufa? Yesu amene timamuimbira muno ankagwira akhate ndi manja ake. Ife kapu ya tiyi yatikanika.

Bambo a Mphatso, taimirirani. Imirirani ndithu, musachite manyazi, akuoneni bwinobwino.

Ndi amenewo. Jekete lawakulira, inde. Khosi ndi lalitali, inde. Yang'anani mpaka mukhute. Munawakumbira manda ndi pakamwa, abale awo anawathamangitsirako ndi nkhumba, koma Mulungu anakana. Ndi owonda, ali moyo, ndipo tikatuluka muno akukadya kwawo.

Ndikuthokoza Mulungu wanga amene sanandisiye wamasiye. Ndikuthokoza Mayi Filesi. Abusa, zikomo chifukwa cha mpata. Khalani pansi, bambo. Ameni.